Tifunseni za M'khitchini: Buledi wandikola, ndizinyamula chiyani ku ntchito?

Makalata a mwezi uno ambiri akukamba za nkhomaliro ya ku ntchito. Ndasankhapo anayi, onse ochokera konkuno ku Mangochi, ndipo ndawafupikitsa.

*Zikomo azakhali. Ndimagwira ntchito mu ofesi ina pa boma, ndimakhala kutsidya kwa mlatho, ndipo ndimanyamuka cha m'ma 6 koloko m'mawa. Chiyambire ntchito ndimanyamula buledi wopaka majarini, nthawi zina ndimaika dzira pakati kapena chiponde. Wandikola. Komanso ikamakwana 3 koloko njala imakhala itabwerera, ndiye ndimathamangira mandasi kapena tchipisi cha pachiwaya. Masiketi ayamba kundithina. Ku ofesi kulibe firiji, kulibenso potenthetsera chakudya. Ndizinyamula chiyani? — Mtsikana wa ku M'baluku*

Mwanangu, njala ya 3 koloko ija usadzide nayo, si kususuka. Buledi woyera ndi ufa wa tirigu wochotsedwa gaga yense, ndiye m'mimba sachedwamo. Shuga amakwera m'magazi mwamsanga, pakapita kanthawi n'kutsikanso mwamsanga, ndipo potsikapo ndi pomwe zikope zimalemera, fungo la chiwaya n'kukupeza ngakhale mawindo ali otseka. Dzira ndi chiponde zimayesetsa kukoka nthawi, koma dzira limodzi pa masilayisi anayi lachepa mphamvu. Tirigu wakeyo wambiri amachokera kunja, n'chifukwa chake kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa buledi sunachedwe kutsatira. Mbatata ya pamsika siidikira dola.

Koma ndisanatchule chakudya n'chimodzi chomwe, tikambe za dzuwa, chifukwa kuno ndi lomwe limalamula zonyamula. Munthu wa ku Dedza atha kuika nyemba m'kontena m'mawa wa mu Juni n'kuzipeza masana zili bwinobwino. Ife mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35, ndipo mu ofesi ya malata yopanda siling'i ndiye usanene. Tizilombo toononga chakudya timaswana kwambiri pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisangokhala pamtunda kupitirira maola awiri. Iwe kuchokera 6 koloko mpaka 12 koloko ndi maola 6. Kontena ya pulasitiki yotsekeredwa chakudya chofunda ndi chonyowa imafungatira tizilombo ngati nkhuku pa mazira. Choncho chakudya chako chikhale chotentha ndithu mpaka nthawi yodya, apo ayi chikhale chouma kapena chathunthu, cha mtundu wosasasa msanga. Cha pakatikati ndicho chimagoneka anthu m'chipatala.

Tiyambe ndi chotentha. Ndalama ya mandasi ndi tchipisi ya milungu ingapo uisunge, ugule fuduwoma yaing'ono yachitsulo mkati, kapena flasiki ya kukamwa kwakukulu. Ambiri amaidandaula kuti siisunga kutentha, pamene vuto ndi kaikidwe. Thiramo madzi owira, tseka, isiye pamene ukuvala. Khuthula madziwo, ika chakudya chongochoka pamoto chikufuka nthunzi, dzaza mpaka pakamwa, tseka ndipo uikulunge m'chitenje. Yodzaza theka imazizira msanga, n'chifukwa chake ndikuti yaing'ono. Ndipo usaitsegule 10 koloko kuti ungolawako. Ukatsegula masana n'kupeza kuti nthunzi palibe, chala chikulowa osakuotcha, dziwa kuti fuduwomayo yatha ntchito, izingosungira mchere.

Choyamba kulowamo chikhale futali. Ndikudziwa kuti ena amamuona ngati chakudya cha kumudzi cha nthawi yokolola, koma sindidziwa chakudya china chopsa pasanathe theka la ola, chotchipa chotere, n'kukusunga mpaka poweruka. Funafuna mbatata yofiira mkati, ija yokhala ndi maonekedwe a kaloti. Alimi amaitchula maina monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika. Kufiirako ndi komwe thupi limasandutsa vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi, ndipo amalowa bwino pakakhala mafuta pang'ono, omwe nsinjiro zimabwera nawo kale. Senda usiku, duladula zibenthu zazikuluko, uziike m'madzi kuti zisade. M'mawa madzi akhale ochepa, ongofika pakati pa mbatata, kamchere, vindikira. Ikayamba kufewa koma isanaphwanyike, waza nsinjiro zodzaza dzanja pamwamba, osavundula. Vindikiranso mphindi zisanu kuti nthunzi iziphike, kenako tembenuza ndi mthiko mosamala kuti zibenthu zizioneka. Ukavundula msanga upeza phala, ndipo nsinjiro zosapsa bwino zimamveka uwisi pakamwa. Maungu, chinangwa chosawawa ndi nthochi zosapsa zimalola njira yomweyi, ndiye futali yekha atha kusintha nkhope katatu pa sabata.

Nsinjiro zogula zosinjasinja kale ndimazikayikira. Mtedza wobooka, wofota ndi wachuku, umene munthu sangaugule atauona, ndi womwe ena amaupititsa kukasinja. Chukucho chimasiya poizoni wotchedwa aflatoxin, woononga chiwindi, ndipo moto wa pambaula sumupha. Gula mtedza wathunthu, usankhe wekha Loweruka, usinje wokwana sabata imodzi, usunge m'botolo louma.

Tsiku lina phika mpunga pamodzi ndi khobwe kapena nandolo, mphika umodzi. Khobwe ndimamukonda pa ntchito imeneyi chifukwa akagona m'madzi usiku amapsa msanga kuposa nyemba. Nandolo wamuwisi, nthawi yake ikakwana, ndiye sachedwa n'komwe. Zimandipweteka kuti wouma timamugulitsa kwa mavenda kuti akadyedwe ku India, ife tili pamzere wa buledi. Kazinga anyezi ndi tomato m'mafuta a supuni imodzi, ika khobwe wofewa kale, mpunga ndi madzi. Muyeso ukhale kapu ya khobwe pa kapu ya mpunga, osati tinjere towerengeka tongokongoletsa. Khobweyo ndi amene amachedwetsa mpunga m'mimba kuti njala isabwerere msanga. Sindikunamiza, chakudya chimenechi chimafuna kudzuka kusanache, ndiye kawiri pa sabata n'zokwanira.

Masamba ndi omwe amavuta pa ulendo. Mkhwani wotendera ndi wokoma, koma ukangozizira ndi woyamba kusasa. Ngati fuduwoma yako ili ndi kambale ka pamwamba, ikamo bonongwe, mpiru kapena chisoso zokazinga pang'ono ndi anyezi, zichoke pamoto zikadali zobiriwira. Soda asalowemo, amafewetsa msanga koma amaononga mavitamini omwe wawavutikirawo.

Tsopano masiku omwe wadzuka mochedwa, kapena makala anyowa. Apa ndi pomwe ife a kunyanja tili ndi mwayi umene ena amachita kuulipira thiransipoti. Usipa, bonya, utaka ndi kambuzi wa ku Malombe timadya ndi mutu ndi minga zomwe, ndipo m'mutu ndi m'mingamo ndi momwe muli kashiamu wolimbitsa mafupa komanso ayironi wowonjezera magazi. Chambo chili ndi ulemu wake, koma minga zake timasiya m'mbale, ndipo mtengo wake masiku ano ndi wa alendo a m'mahotela. Posankha usipa pamsika tenga m'dzanja, ununkhize, uthyole umodzi: wabwino amathyoka, wogona chinyezi amangopindika ndipo amawawa. Ndimakonda wofutsa chifukwa suwawa kwambiri. Uviike m'madzi ofunda mphindi zochepa kuti mchenga utsike pansi, uvuule ndi dzanja m'malo mokhuthula madziwo, uumitse, kenako ukazinge m'mafuta ochepa mpaka uzilira khwasukhwasu pa supuni. Usaikemo tomato, usaikemo msuzi. Wouma chonchi, utazizira bwino usanatsekeredwe, umafika masana opanda vuto.

Tomato, anyezi, nkhaka ndi ndimu uzinyamule zathunthu, zotsukiratu kunyumba ndi madzi abwino, pamodzi ndi kampeni. Kachumbari uzikadulira pa desiki nthawi yodya. Wodula m'mawa amafika masana atalira madzi, atayamba kununkha. Chokhutitsa chake ndi mbatata kapena chinangwa chophika m'mawa womwewo. Mbatata ikhale ndi makoko ake, yosadula, uilole itulutse nthunzi kenako uikulunge m'pepala loyera kapena kansalu, osati m'jumbo momwe imachita thukuta. Dzira lophika likhale m'chigoba chake mpaka nthawi yodya. Ukaika pamodzi mbatata, usipa, kachumbari ndi mtedza wokazinga wodzaza chikhatho, wadya chakudya chomwe buledi wako sangachiyandikire.

Ngati manja azolowera kugwira chinthu chodula masilayisi, phika chigumu Lamlungu madzulo. Ufa wa mgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri zija ana akuzikana, ufa wa soya wokazinga pang'ono, dzira, kasoda ndi kamchere. Nthochi zikakhala zambiri shuga safunika. Paka mafuta m'poto, moto wochepa pansi, makala ochulukirapo pa chivindikiro, ndipo usamavundukule pafupipafupi. Nyengo yotentha chimakwana Lolemba ndi Lachiwiri. Kupitirira apo chimayamba kunanda mkati.

Zipatso kuno sitingadandaule. Mango akayamba mu Novembala amagwa okha, ndipo mapapaya, mavwende, magwafa ndi masau zimasinthana nyengo. Nyamula chathunthu, chodula ntchentche zimachiyamba iwe usanachiyambe. Chakumwa, m'malo mwa botolo la zoziziritsa kukhosi, viika malambe m'madzi owiritsa atazizira, usefe, shuga kungonunkhiza. Malambe ali ndi vitamini C wambiri, amene amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'khobwe ndi m'masamba. Tiyi amachita zosiyana, amatchinga ayironiyo, ndiye wa ku ofesi uja uzimwa 10 koloko, osati potsitsira nkhomaliro. Kwa mtsikana wa msinkhu wako, amene amataya magazi mwezi ndi mwezi, nkhani imeneyi si yaing'ono.

A zaumoyo m'dziko muno amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Usavutike kuwapanikiza onse m'kontena imodzi. Anayi akapezeka masana, otsalawo akakupeza kunyumba madzulo. Za masiketi, chokhutitsa chisapose nkhonya yako, malo otsalawo apite kwa ndiwo. Ndipo sindikuletsa chiwaya mpaka kalekale. Tsiku lolandira malipiro pita ukadye tchipisi chako ndi kabichi wambiri, umuuze mnyamatayo akhetse mafuta.

*Mayi, ndine mphunzitsi. Akazi anga amaphika mpunga wambiri madzulo kuti wotsala ndinyamule mawa lake. M'mawa amautenthetsa bwinobwino. Koma kangapo konse ndasanza masana nditangodya, pamene ana omwe anadya mpunga womwewo usiku ali bwino. Kodi ndi mpunga, kapena pali wina akundichita chipongwe kusukulu? — Mphunzitsi wa ku Malindi*

Aphunzitsi, anzanu a mu sitafu muwakhululukire, alibe mlandu. Ndikukayikira mpungawo. Mu mpunga wosaphika mumakhala tizilombo totchedwa Bacillus cereus, tochokera m'dothi. Timakhala titadzitsekera kale m'zikhokho zolimba zomwe madzi owira saziswa. Mpunga ukaphulidwa n'kugona m'poto usiku wonse m'nyumba yotentha ya m'mbali mwa nyanja, timadzuka, kuswana, n'kusiya poizoni m'chakudyamo. Kutenthetsa kwa m'mawa kumapha tizilomboto koma poizoniyo sasungunuka ndi moto. Chizindikiro chake ndi chomwe mwafotokozacho: nseru ndi kusanza pasanathe maola 6 munthu atadya, kawirikawiri msangamsanga. Ana anadya mpungawo uli wongophulidwa, n'chifukwa chake sanamve kanthu. Choipa china n'chakuti mpunga woterewu nthawi zambiri sununkha, sumaoneka kuti waonongeka, ndiye mphuno ya mayi a kunyumba singautulukire.

Mkute tinakulira, sindikuunyoza. Koma mkute wa mpunga umafuna firiji: uyalidwe m'mbale yotakata kuti uzizire msanga, ulowe m'firiji pasanathe ola limodzi, udyedwe mawa lake, utenthetsedwe kamodzi kokha. Magetsi akazima usiku wonse, muuwerenge ngati wagona pamtunda. Ngati firiji mulibe, mpunga wonyamula uziphikidwa m'mawa. Kapu imodzi imapsa mphindi 20 pa moto womwewo wa madzi osamba. Ndipo poti mwati mayi ndi amene amachita zonse, ana akuyembekezanso phala, mbaula ija inunso muthe kuikoleza, aphunzitsi, siiluma.

Ngati mpunga wakuopsani, nsima imayenda bwino kuposa mmene anthu amaganizira. Mitanda iwiri ya mgaiwa yongoomoledwa, mu fuduwoma yotenthetsedwa kale ndi madzi owira, imafika 12 koloko ikadali yofewa. Mgaiwa umasunga gaga ndi kamtima ka chimanga, zomwe ufa woyera umataya pokonola ndi poviika, ndiye umakhalitsa m'mimba. Ndiwo zikhale m'kambale kake, zisakhudzane ndi nsima. Usipa ndi kambuzi muli nazo pakhomo pomwepo. Wamuwisi muphike m'mawa womwewo ndipo alowe mu fuduwoma akuwira.

Musaiwale manja. Mwagwira choko, makope a ana, ndalama ndi chitseko cha kuchimbudzi, kenako n'kutema nsima. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo boma lathu lino linali m'gulu la maboma omwe anakhudzidwa kwambiri. Kachidutswa ka sopo kazikhala m'chikwama momwe muli fuduwoma, ndipo muzisamba madzi othirirana, osati a m'beseni limodzi. Mukadzaona kuti kusanza kwabwera ndi kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, yambani kumwa thanzi ORS ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kusanzako kukapitirira mutasiya mkute wa mpunga, kapimitseninso, chifukwa pamenepo nkhani ikhala ina.

*Azakhali, ndimagulitsa m'sitolo ndipo ndimatseka 6 koloko madzulo. Kuchipatala andipeza ndi shuga komanso BP. Kale nkhomaliro yanga inali mabanzi ndi thobwa, kapena kanyenya. Tsopano ndikuopa chilichonse, masiku ena ndimangokhala osadya mpaka usiku. Ndithandizeni. — Bambo wa ku Monkey Bay*

Achimwene, pa zonse mwalembazi chondiopsa ndi kukhala osadya. Ngati mukumwa mapiritsi a shuga kapena kudzibaya insulin, kudumpha nkhomaliro kutha kutsitsa shuga mopitirira muyeso: thukuta, kunjenjemera, chizungulire, mwinanso kukomoka muli nokha kuseri kwa kauntala. Muwauze a kuchipatala nthawi zomwe mumadya kuti akuuzeni kamwedwe koyenera, ndipo masiwiti awiri atatu azikhala m'thumba podikira tsiku lotere. Simuli nokha, kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'dziko muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

Kontena yanu ikhale motere: theka masamba, mbali ina nyemba, nzama, khobwe kapena nsomba, ndipo chokhutitsa chitenge kagawo kotsalako. Mtanda umodzi wa mgaiwa, kapena mbatata imodzi yapakatikati, kapena nthochi zosapsa zophika ziwiri. Nzama zophika ndi anyezi ndi tomato ndimazitchula mwapadera chifukwa zimakhutitsa zokha popanda nsima, ndipo shuga sizimuthamangitsa. Therere, mabiringanya, chigwada ndi kholowa idyani momasuka. Yambani ndi ndiwo, chokhutitsa chibwere pambuyo.

Thobwa ndiye ndikukhumudwitsani. Chimera chimasandutsa ufa kukhala shuga, ndicho chifukwa chake limatsekemera lokha, ndipo ogulitsa amathiranso shuga wina pamwamba. Ndi mabanzi ndiye shuga pa shuga. M'malo mwake madzi, kapena madzi a malambe kaya a bwemba osathira kanthu. Mango nthawi yake idyani limodzi laling'ono mutatha kudya, osati beseni pansi pa mtengo.

Mchere, WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza mulu, kuwerengera ndi wobisala m'zakudya. Wobisalayo ndi amene amagwetsa anthu: timakyubu tokometsera ndiwo, kapaketi ka zokometsera ka m'masoya pisi, soseji, buledi amene, ndi kamulu ka mchere wa tsabola ka pambali pa kanyenya. Masoya pisi ndi abwino, kapaketiko muzitaya kapena muzithira theka. Nsomba zouma zina zimathiridwa mchere poyanika. Lawani kaye, zikakhala zotero muziviike n'kutaya madziwo, ndipo pophika musawonjezere wina. Ndimu, adyo, jinja ndi tsabola wa kambuzi zimadzutsa ndiwo mokwanira, lilime likazolowera pakapita milungu ingapo.

Poti mumatseka mochedwa, gawani chakudyacho pawiri. Chotentha mudye masana chonse, musasiyeko choti mudzadye chitazizira. Cha m'ma 4 koloko mtedza wokazinga wopanda mchere ndi gwafa limodzi zikufikitsani kunyumba musanafike polusira mphika wa nsima.

*Anti, ndinayesa kunyamula usipa ndi mbatata koma anzanga mu ofesi anandiseka, akuti ndanunkhitsa chipinda chonse. Panopa ndimachita manyazi kutsegula kontena. — Mnyamata wa ku Mpondasi*

Mwanangu, munthu wokhala pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe n'kumadabwa ndi fungo la usipa, ameneyo akungofuna kuti umupatseko. Komabe ofesi ndi ya anthu ambiri, ndipo pali makasitomala. Kadyere panja pamthunzi, ndipo usipa ukhale wouma uja ndafotokoza pamwambapa, wofinyira ndimu. Wamsuzi ndi umene umadzaza chipinda. Tsiku lina nyamula wochulukirapo uike pakati. Ubwino wa usipa, futali ndi khobwe kuno kwathu ndi wakuti Msilamu ndi Mkhristu apisa dzanja m'mbale imodzi popanda wofunsa kuti anazinga ndani.

Fungo lina silichokera ku nsomba ya lero koma ku kontena. Pulasitiki yokalamba, yokandikakandika mkati, imamwa mafuta ndipo sopo saafikira. Ukafika kunyumba itsuke madzulo omwewo ndi madzi otentha, uchotse kalabala ka pa chivindikiro ukatsuke pakokha, upake chikhokho cha ndimu, uiyanike yosatseka pa thandala. Ikapitiriza kununkha, gula bakuli lachitsulo, pulasitikiyo ipite kukasungira misomali.